Mawu a Damaris M'makina a Barbara

Tsiku limenelo dzuwa linatuluka litakwiya kale. Mphepo yotentha inkachokera kuchigwa, ikunyamula fumbi ndi makoko a chimanga n'kumazitaya m'makomo a anthu a ku Kambombo. Kumapiri mitambo inasonkhana, inagunda, koma dontho silinagwe.

Bornwell Goma anakhala pampando m'nyumba mwake, akuyang'anizana ndi kompyuta ngati mlendo amene sakumvana naye chilankhulo. Manja ake anazolowera khasu ndi nkhwangwa. Pamabatani aja chala chake chimodzi chinkaphimba zilembo zingapo nthawi imodzi.

Makinawo anabwera ndi Barbara, mkazi wake watsopano, mphunzitsi wochokera ku Kabwe amene anatumizidwa kusukulu ya pafupi. Awiriwa anakwatirana ku boma mwakachetechete. Ukwati wa pamudzi unali usanachitike, chifukwa abale a Damaris, mkazi wake woyamba amene anamwalira, anali asanamusudzule. Mwambo wake ngwakuti mayi wa malemu amathira ufa pamutu pa wamasiyeyo n'kulengeza kuti wamasuka, akwatire kumene mtima wake wafuna. Koma a kwa Damaris ku Tembwe ankati ufawo adzathira pokhapokha Bornwell atatenga Irene, mng'ono wake wa malemu, kuti nyumba ndi munda wa mpunga zisapite kwa mlendo. Bornwell anawayankha liwu limodzi, "Iyayi," ndipo sanawonjezerepo.

Motero Barbara ankagonabe kunyumba ya pasukulu. Katundu wake ndi amene ankalowa kwa Bornwell mozemba: lero makatani, mawa mbale, kenako sola padenga. Pomalizira inabwera kompyuta.

"Osamenya, ba Goma," anatero Barbara ataima kumbuyo kwake. "Si chitsa ichi. Mungokhudza chabe."

"Ndakhudza."

"Mwakhudza? Mwalima mzere wonse! Ndati mulembe dzina langa, onani zimene zatuluka."

Bornwell anabweza dzanja n'kuliika pabondo. Barbara analitenganso, naliika pa kanthu kakuda kofanana ndi dzira la bakha.

"Aka ndi mausi. Mukakakankha, kamuvi ako kamayenda. Chimene simukuchifuna mumachikokera mu kabini ka zinyalala aka pakona, basi chapita. Pang'onopang'ono! Osati ngati mukupala thabwa!"

Kamausi kanatsetsereka patebulo n'kulendewera pachingwe. Barbara anaseka mpaka anatsamira paphewa la mwamuna wake. Bornwell sanaseke, koma phewalo sanalisunthe.

Pakona ya galasi la kompyutayo panalira kabelu, panatuluka mawu. Barbara anali atalumikiza foni yake ku makinawo, ndiye uthenga uliwonse unkaonekera pamenepo. Bornwell ankawerenga mochedwa, koma ankawerenga. Unachokera kwa Morris, dokotala wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo, amene anafunsirapo Barbara n'kukanidwa, koma osatopa.

"Madamu, mlimi wanu waphunzira kuyatsa? Akakanika, mthuthuthu wanga uli ndi malo kumbuyo."

Barbara anautseka msangamsanga. "Chitsiru chija. Ine sindimuyankha."

"Hm."

"Manje hm ndiye kuti chiyani?"

"Kuti hm."

Barbara anamutsina khutu. "Siyani zimenezo, ndili ndi mphatso yanu. Mukukumbuka foni yanu yakale yosweka galasi, ija munaisunga m'sutikesi? Ndinachotsamo kakhadi kosungira zithunzi. Kanali katatha, kanafa nditangomaliza kukopera. Koma chimodzi ndinapulumutsa. Chili muno mokha, kwina kulibe."

Anadina. Pagalasi panatuluka bwalo la nyumba yomweyo, nthawi yokolola. Damaris anali pakati pake atavala chitenje chofiira, akupeta mpunga uku akuimba nyimbo ya Chisenga. Kenako anatembenuka, nayang'ana molunjika.

"Imwe a Goma, lekani zojambulajambula! Bwerani munyamule thumba!" Anaseka, kanemayo anatha.

Bornwell anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Sindifuna kulowa muno ngati wakuba," anatero Barbara motsitsa mawu. "Anali pano ine ndisanabwere. Ndikudziwa."

"Bwerezani."

Barbara anamuonetsa batani lalitali la pansi. Limenelo lokha Bornwell analiphunzira osalakwitsa.

*

Barbara atapita kokonzekera kwaya kutchalitchi, Bornwell sanatuluke panja. Nkhuku zinalowa n'kutuluka. Mbuzi inalira pachingwe padzuwa. Iye ankangodina batani lija, Damaris n'kupeta, n'kuimba, n'kumuitana kuti akanyamule thumba.

Sanamve mapazi pabwalo. Anangomva beseni likugwa pakhonde.

Anali Irene. Mtsikanayu ankakhala pamsika wa Kambombo ndi mlongo wake Friday, wokonza njinga, ndipo sankalola sabata kutha osabweretsa kanthu kwa mlamu wake, kuti anthu aziona amene ayenera kulowa m'nyumbamo. Tsikuli anabweretsa nsomba zouma za ku Luangwa. Zinamwazika pakhonde ponse.

"Alamu! Ndani akuimba?"

Analowa osaodira. Ataona galasi anagwira pakamwa, nakhala pansi. Kanema ankamudziwa bwino, foni anali nayo. Koma mawu a mkulu wake sanawayembekeze masana otere.

"Bwerezani, alamu," anatero.

Bornwell anabwereza. Irene analira misozi yeniyeni, akubwereza dzina la mkulu wake. Nyimbo itatha anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje. Pamene ankaimirira, maso ake anali atauma.

"Zovala zake tinagawana pamaliro. Zithunzi zake amama anatenga zonse, kuti mkazi wina asakhudze chake chilichonse imwe musanasudzulidwe. Manje ichi? Ndani wamuika umu?"

"Barbara."

"Simukubisa n'komwe! Amama ku Tembwe amalira kuti aiwala mawu a mwana wawo. Akatseka maso samumvanso. Manje mlendo wa ku Kabwe ndiye akumuimbitsa ngati wailesi?"

Bornwell anabweza maso pagalasi.

Irene anasendera pafupi, mawu anawafewetsa. "Alamu, mukanditenga ine zonsezi zitha lero. Mutha kumuonera mpaka maso atuluke, ine sindingachite nsanje. Ndi mkulu wanga. Koma mkazi uja, muona, sapirira."

"Iyayi."

"Iyayi, iyayi! Mawu ena mulibe?"

"Tolani nsomba zanu."

Irene sanatole. Anatuluka akuthamanga, ndipo asanafike pamjigo anali atayamba kale kukuwa kuti aphunzitsi atsekera malemu m'makina, akuwaimbitsa masana kuti asagone m'manda.

*

Barbara anabwerera dzuwa litapendeka, akudzikupiza ndi buku la nyimbo. Anaima pakhomo. Nyimbo inali yomwe ija.

"Chichokereni ine muli pomwepa?"

Bornwell anachotsa chala pabatani.

"Mwadya? Mbuzi mwaipatsa madzi?" Barbara anaponya buku pampando. "Kuyatsa munakanika. Dzina langa munakanika kulemba. Koma batani ili mwaligwira ngati munabadwa nalo."

"Munabweretsa ndinu."

"Ndinabweretsa kuti mutsanzike, ba Goma, osati kuti musamukire momwemo!"

Bornwell anafuna kunena kuti kuyambira tsiku la maliro palibe anamulola kulira, kuti apongozi ake anayamba za Irene dothi la pamanda lisanaume. Koma anangoyang'ana pansi.

Barbara anacheukira pakhonde. "Nsomba izi za ndani?"

"Irene."

"Waona?"

"Waona."

Barbara anatsegula pakamwa, koma mwala unamutsogolera. Unagwa padenga ngati mfuti. Wachiwiri unamenya sola, magalasi ake anayoyokera pabwalo.

*

"Goma! Tulutsa mfiti yako!"

Anali Friday. Anabwera atavula malaya, akununkha kachasu, tcheni cha njinga atachikulunga kudzanja. Kumbuyo kwake kunali anzake awiri a pamsika atanyamula mipini, ndi Irene, ndi anthu ambiri amene anaima patali kuti aone.

Bornwell anaima pakhomo. "Alamu, khalani pansi tikambe."

"Lero wadziwa kukamba? Mlongo wanga unamuika m'manda, manje wamufukula kuti aziimbira hule lako?"

"Samalani pakamwa, ba Friday," anatero Barbara kumbuyo kwa mwamuna wake. "Ine ndine mkazi wa ukwati. Pepala la ku boma lilipo."

"Pepala? Ufa unathiridwa ndi ndani? Nyumba ino ndi ya Damaris mpaka amama atanena!"

Mpini unamenya Bornwell pachifuwa, nadzandira kubwerera m'nyumba. Onse analowa nthawi imodzi. Mpando unathyoka. Mbale za Barbara zinagwa pashelefu n'kusweka. Wina anang'amba makatani ndi kuwapondaponda. Irene analumphira Barbara, namukoka tsitsi mpaka pansi, awiriwo akukandana ndi kutukwanana, wina m'Chisenga, wina m'Chibemba.

Friday sanayang'ane munthu. Maso ake anali patebulo. Anazunguza tcheni m'mwamba.

Bornwell sanaganize. Anadziponya patebulo, nakumbatira kompyuta pansi pa chifuwa chake. Tcheni chinatera pamsana, chinang'amba malaya ndi khungu lomwe. Chinateranso. Iye analuma mano, osasiya.

"Mumupha! Siyani!" Barbara anamukankha Irene, nathamangira pakati pawo atatambasula manja.

Mpini umene unkapita pamutu pa Bornwell unapeza Barbara. Unamenya mkono, n'kudumphira pachipumi. Kunamveka kulira kwa fupa. Barbara anagwada, kenako anagwa chammbali, magazi akutsikira m'diso.

Aliyense anaima.

Bornwell anadzuka patebulo, kompyuta ili m'manja. Anayang'ana mkazi wake pansi. Kenako anatembenuka, anaika makinawo pakona pa thumba la mpunga bwinobwino, nayendetsa chala pagalasi kuona ngati lang'aluka.

Atatero ndi pamene anamugwira Friday. Anamunyamula pakhosi ndi palamba ngati thumba lomwelo, namuponyera panja. Friday anagwera pamtondo ndi pakamwa. Anadzuka akulavula magazi ndi mano. Wa mpini uja anayesa kuthawa, koma Bornwell anamugwira mwendo pakhomo, namukhoma chibakera kukhutu mpaka anakwawa ngati mwana. Wachitatu anadumphira pawindo. Irene anatsalira pakati pa bwalo akukuwa, tsitsi la Barbara lili m'manja.

Bornwell anabwerera m'nyumba, nagwada pambali pa mkazi wake. Diso limodzi la Barbara linali lotseguka. Silinkayang'ana iye. Linkayang'ana pakona, pa thumba la mpunga.

*

Anamutengera kuchipatala panjinga, akuikankha wapansi, dzanja limodzi litamugwira kumsana kuti asagwe.

Morris anawalandira pakhonde. Anayang'ana bala, anayang'ana Bornwell kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ukwati wake umenewu? Mlimi, dikirani panja."

Bornwell anadikira pansi pa mtengo wa mango, malaya atamatirira pamsana ndi magazi, ntchentche zikumuzungulira. Patapita nthawi namwino anamuitana kuti aphunzitsi akumufuna.

Barbara anali atakhala pabedi, pachipumi atasokedwa, mkono utamangidwa pachifuwa. Morris anaima pawindo akunamizira kukonza mabotolo.

"Fupa lathyoka," anatero Morris osafunsidwa. "Mawa m'mawa ndimutengera ku boma pamthuthuthu akamujambule. Mlamu wanu Friday wadutsa pano, wakana mankhwala. Wakwera galimoto ya ku Tembwe kukaonetsa amake pakamwa. Akuti mukapondako akudulani miyendo."

"Ba Morris, tulukani," anatero Barbara.

"Ndine dokotala pano, Madamu."

"Tulukani."

Morris anatuluka, koma chitseko anachisiya chotsegula.

"Ndinaona, ba Goma," anatero Barbara.

Bornwell anaima kumapazi kwa bedi atagwira chipewa.

"Zoti munagona pamwamba pa makina aja sindikudandaula. Munthu akadzidzimuka amagwira chimene chili pafupi. Koma ine nditagwa, munali ndi nthawi yoganiza. Munawaika pansi ngati khanda. Munayang'ana kaye ngati galasi lasweka. Ine magazi akulowa m'diso."

"Damaris ali m'menemo mokha," anatero Bornwell. "Kwina kulibe."

"Nanga ine ndili kwina?"

Bornwell anapotoza chipewa m'manja mpaka chinataya maonekedwe.

"Lankhulani! Lero lokha, lankhulani!"

"Ndinalakwa."

"Basi?"

"Ndinalakwa kwambiri."

Barbara anaseka kuseka kowawa, nagwira pabala. "Ndikapikisana ndi Irene ndimapambana. Ndi mudzi wonse ndingapirire. Koma munthu amene sakalamba, sakwiya, amangoimba ndi kuseka ukadina batani, ndingamuthe bwanji? Ndipo ndinamulowetsa ndekha. Chitsiru ndine."

"Sindinu."

"Mverani. Kabini kaja ndinakuonetsani. Mukamukokere momwemo ndi dzanja lanu. Mawa m'mawa mundipeze panjira ndi makina opanda iye. Mukatero ndibwerera, atisudzule asatisudzule. Mukapanda kutero, ku boma kuli mabasi. Mlongo wanga ali ku Lundazi, ndipo sukulu zilipo zambiri."

Pakhonde Morris anatsokomola. Bornwell podutsa anamva akunong'ona, "Malo aja akadalipo kumbuyo." Sanatembenuke.

*

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo yolemera, yopanda mphepo. Bornwell anasesa magalasi a sola, anatola zidutswa za mbale, anaipatsa mbuzi madzi. Atamaliza anaika kompyuta patebulo lopendekeka n'kuiyatsa yekha, koyamba osathandizidwa.

Pakona, kachizindikiro ka batire kanali katafiira. Sola inali itafa. Moto wotsalawo unkakwana nyimbo imodzi, mwina osafika kumapeto.

Anaika dzanja pa kamausi pang'onopang'ono, monga anaphunzitsidwira. Anagwira kachithunzi ka chitenje chofiira ndi kamuvi, nakakoka. Kanayenda bwinobwino kudutsa galasi lonse mpaka pakamwa pa kabini. Pamenepo dzanja linaima.

Si nkhope ya Damaris imene inamuimitsa. Anakumbukira mawu a Irene, onena za mayi wa ku Tembwe amene akatseka maso samumvanso mwana wake. Mayi yemweyo ndi amene anali ndi ufa.

Anabweza kachithunzi pamalo pake. Chala chinapita chokha pabatani lalitali lija, koma anachichotsa asanadine. Anatseka makinawo, anawakulunga m'chitenje cha Barbara, nawamangirira pakaliyala ya njinga ndi mphira.

Pamphambano anamva mthuthuthu ukubwera. Morris anafuna kudutsa, koma Barbara anamumenya paphewa ndi dzanja labwino mpaka anaima. Maso a Barbara anapita pamtolo uja, anazindikira chitenje chake.

"Mwafafaniza?"

"Iyayi."

Nkhope ya Barbara inagwa. Morris anamwetulira, nakoleza injini.

"Manje mukupita nawo kuti?"

"Kwa amake a Damaris. Si wanga. Si wanunso. Ndi wawo."

"Ku Tembwe? Ndi msana umenewo? Friday ali komweko, ba Goma, akakuphani!"

"Ndikabwera ndi ufa pamutu."

"Ufa wake uti?" anatero Morris. "Mano a mwana wawo munawasiya pamtondo. Madamu, tiyeni, mvula ikubwera."

Barbara anamuyang'ana Bornwell nthawi yaitali.

"Si zimene ndinapempha," anatero. "Basi ya ku Lundazi inyamuka mawa kusanatenthe. Sindikulonjezani kanthu."

Mthuthuthu unalira n'kulunjika ku boma. Bornwell anayesetsa kuona ngati dzanja la Barbara lagwira chitsulo cha mpando kapena m'chiuno mwa Morris, koma fumbi linawaphimba onse awiri.

Madontho oyamba anagwa, akuluakulu, akubowola fumbi la mumsewu. Bornwell anavula malaya, anaphimba nawo mtolo uja, anamangitsa mphira, nakwera njinga kulowera ku Tembwe.